Masabata atatu tikuti ndi malungo

Kabati ya kuchipinda kwathu ili ndi kadilowa komwe timaponyamo mankhwala otsala: panado, mapilitsi a chifuwa, bactrim wa chaka chatha, ndi LA wa malungo amene wina anamwa masiku awiri n'kusiya atapezako bwino. Nyumba zambiri kuno ku Zomba zili ndi kadilowa kotere, kapena kachitini, kapena jumbo yopachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Nkhani ya taifodi wa mphwanga inayambira m'menemo.

Mnyamatayu ndi mwana wa achemwali anga a kumudzi, cha ku Jali. Ndinamutenga kuti azikhala nafe ku Sadzi n'kumaphunzira sekondale m'tauni muno. Mu Febuluwale 2024 anali Fomu 3, wa zaka 17, wamtali ngati nsungwi, wodya nsima mitanda inayi osapumira. Tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu n'kulowa kuchipinda osadutsa kukhitchini. Akazi anga ndi amene anazindikira kuti zinthu sizili bwino, poti mnyamata ameneyu sadutsa poto osavundukula.

"Amalume, mutu," anatero nditalowa. Thupi linali lotentha, koma osati moopsa. Nthawi ya dzinja, udzudzu uli mbwee, ndani akanaganiza zina? Ndinatsegula kadilowa kaja, ndinamupatsa panado ndi LA wotsala uja, m'mawa n'kukagula wina wowonjezera. Ndinadziona ngati malume wodziwa kusamala mbumba.

LA anatha, kutentha osatha. Malungo amene tonse tinakula nawo amabwera ndi kunjenjemera, kenako thukuta kamukamu, kenako munthu amadzuka n'kupempha phala. Uku kunali kwina. M'mawa ankaoneka kuti wapezako bwino, madzulo thupi n'kutentha kuposa dzulo lake, mawa lakenso kuposa apo. Kunkakwera ngati msewu wa Ku Chawe: umakhota, nthawi zina umaoneka ngati watsikako, koma ukacheuka umapeza tauni yonse ili pansi pako. Tsiku lachisanu tinabwereka kachipangizo koyezera kutentha kwa anzathu oyandikana nawo, ndipo kanawerenga 39.5.

Tinapita naye kukachipatala kena kolipira. Anamubaya chala, tinadikira mphindi zingapo, mzere unatuluka umodzi wokha. Malungo palibe. Apa ndi pamene ndinayenera kudzidzimuka, koma m'malo mwake ndinanena mawu amene ndawamva kwa anthu ambirimbiri pamzere wa kuchipatala: "Ndiye kuti malungowo abisala." Amene anatiyezayo sanatsutse. Analemba bactrim m'kabuku, tinalipira, tinabwerera kunyumba.

Ndinene chifukwa chake maganizo anga sanapite kumatenda a m'matumbo. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anatiphunzitsa bwino kwambiri ife a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mwana wa pulayimale amatha kukuuza kuti chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga n'choopsa, kuti munthu amatha m'maola ochepa, kuti umwetse Thanzi n'kuthamangira kuchipatala. Phunzirolo linalowa, ndipo linapulumutsa anthu. Koma linatisiyanso ndi maganizo akuti matenda obwera ndi chakudya kapena madzi oipa amaonekera kuchimbudzi basi. Mphwanga sankatsegula m'mimba. Anali wodzimbidwa. Masiku anayi osapita kuchimbudzi. Ine n'kumati, sakudya, atulutsa chiyani?

Sabata yachiwiri ndimaikumbukira ngati chithunzi chimodzi. Wagona chagada pamatilesi, maso ali theka, akuyang'ana kudenga koma osaona kanthu. Milomo yang'ambika. Lilime layera pakati ngati lapakidwa ufa, m'mbali mwake muli psuu. Kachifuwa kouma, kosatulutsa makhololo. Mimba yatupa pang'ono, ukagogoda ikulira ngati ng'oma, ukadina kumanja chakumunsi akukwinya nkhope. Phala akulawa masipuni awiri n'kukankha. Usiku anayamba kubwebweta, kuwerenga mayina a anzake a mpira, kutola tinthu tosaoneka pabulangete. Ukamuitana ankayankha, koma mochedwa, ngati mawu ako ayenda mtunda wautali asanamufike.

Zonsezi, ndinamva pambuyo pake, zili m'mabuku a madokotala ngati zizindikiro za taifodi, mwandondomeko yomweyi. Mabukuwo amanenanso za timadontho tofiirira tomwe timatuluka pachifuwa ndi pamimba, koma pakhungu lakuda ngati lathuli n'tovuta kutiona, ndipo ife sitinaone kalikonse. Amanenanso kuti ana aang'ono nthawi zambiri amatsegula m'mimba pamene akuluakulu amadzimbidwa. Ine panthawiyo ndinkadziwa dzina la taifodi ngati mmene ndimadziwira dzina la mzinda umene sindinapiteko.

Achemwali anafika Loweruka pa njinga yamoto, atanyamula nkhuku ndi kabotolo kokulunga m'nsalu. Atangomuona mwana wawo akubwebweta, anandikokera panja.

"Achimwene, izi si zachipatala. Mwana wayezedwa, alibe kanthu. Mankhwala wamwa mitundu iwiri. Inu simukuona? Kumudzi anthu sanakondwe kuti mwamutenga."

Sindiwaseka achemwali anga. Kuganiza kwawo kunali kolongosoka kuposa kwanga: ngati si malungo, ndiye kuti ndi china. Ine ndinali nditakakamira malungo obisala, iwo anali atasuntha kale n'kufunafuna yankho lina. Kungoti yankho lawo linali m'kabotolo kaja, mankhwala a zitsamba otsuka m'mimba, oti atulutse choipa chimene chatsekeredwa. Tinakangana, ndinagonja, anamwa. Anatsegula m'mimba usiku wonse, ndipo achemwali anati mwaona, chatuluka. Chimbudzi cha m'mawa mwake chinali chakuda bii, chonanda ngati phula, chonunkha mwachilendo. Tinati ndi mtundu wa zitsambazo. Anali magazi. Magazi akachokera kumtunda kwa matumbo n'kukhalitsamo amatuluka akuda chomwecho.

Usiku wa Lachiwiri, sabata yachitatu italowa, anakuwa. Kukuwa kumodzi kwakukulu, kwa munthu amene masiku khumi sanakweze mawu. Tinamupeza atagwira mimba, thukuta lozizira lili pamphumi, akupuma mofulumira koma mosafika pansi. Nditayika dzanja pamimba ndinamva ngati ndagwira thabwa. Sankafuna ngakhale kuti matilesi agwedezeke. Chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti patapita ola limodzi kapena awiri anakhala chete, thupi linazizirako, ndipo achemwali anati ululu waleka, tidikire kuche. Akazi anga ndi amene anakana. Anatuluka ndi chitenje chokha kukagogoda kwa bambo wina wa galimoto, ndipo cha m'ma 2 koloko usiku tinali kuchipatala chachikulu cha Zomba Central.

Dokotala amene anatilandira sanachedwe. Anadina mimba, n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi, mphwanga n'kudumpha. Anafunsa kuti thupi latentha masiku angati. Nditati masabata awiri ndi masiku, anandiyang'ana kanthawi osanena kanthu. Anamujambula, ndipo anandionetsa pachithunzi kamzere kakuda kokhota pansi pa mapapo. Anati umenewo ndi mpweya, ndipo mpweya sukhala pamenepo pokhapokha thumbo litabooka. Anaika dripu mikono yonse, paipi m'mphuno, ndipo ine monga malume ndinasaina pepala la opaleshoni dzanja likunjenjemera.

Atatuluka ku fiyeta m'mawa, dokotalayo anatulutsa bolopeni m'thumba n'kundionetsa kunsonga kwa chivindikiro chake. "Bowo lake linali chonchi, bambo. Limodzi lokha. Koma zonse za m'matumbo zinali zikutayikira m'mimba."

Masiku otsatira, pamene ndinkakhala pabenchi ngati gadiyani, ndinafunsa mafunso ambiri, ndipo zina ndinawerenga ndekha pafoni. Kachilombo kake ndi bakiteriya wotchedwa Salmonella Typhi. Amakhala mwa anthu okha, osati mwa nkhuku kapena mbuzi, ndipo njira yake ndi imodzi: kuchoka m'chimbudzi cha munthu wina n'kulowa m'kamwa mwa mnzake, kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. Akalowa sayamba ndi phokoso. Amaboola khoma la matumbo mwakachetechete, n'kukabisala m'chiwindi, m'kapamba ndi m'mafuta a m'mafupa, n'kumaswana. Pamatha sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina mpaka mwezi, munthu ali bwinobwino. Kenako amakhuthukira m'magazi, ndipo mpamene thupi limayamba kutentha. N'chifukwa chake poyamba matendawa saoneka ngati a m'mimba: amakhala ali m'thupi lonse. Kuchokera m'chiwindi amatsikira mu ndulu, ndipo ndulu imawathiranso m'matumbo. Chakumapeto kwa thumbo laling'ono, pafupi ndi pamene limalumikizana ndi lalikulu, pali timagulu ta minofu yoteteza thupi. Timeneti timatupa, timasanduka zilonda, zilondazo n'kumakumba. Zikafika pamtsempha, munthu amataya magazi. Zikapitirira, thumbo limabooka. Kawirikawiri zimenezi zimachitika sabata yachitatu, ndendende pamene ife tinali. Kumanja chakumunsi kumene mphwanga ankakwinyira nkhope kuja, n'komwe kuli malo amenewa.

Za zitsamba zija ndinafunsa achemwali atapita kukaphika. Dokotala anati sanganene kuti ndi zimene zinaboola, chifukwa thumbolo likanatha kubooka lokha, koma kukakamiza matumbo a zilonda kuti azipotokola usiku wonse sikuthandiza. Sindinawauze achemwali. Ndikanawauza, iwonso akanandifunsa za LA wanga ndi masiku khumi ndi anayi amene ndinataya, ndipo mlandu wanga unali waukulu kuposa wawo.

Bactrim uja naye anali wongotaya nthawi. Kuyambira cha m'ma 2011 ku Blantyre kunafalikira mtundu wa taifodi wosamva mankhwala atatu akale: amoxicillin, chloramphenicol ndi bactrim. Ku chipatala cha Queen Elizabeth, anthu opezeka ndi kachilomboka m'magazi ankakhala osafika 20 pachaka zaka za m'mbuyo mwake, koma mu 2013 anapitirira 800. Masiku ano madokotala amadalira mankhwala ngati ciprofloxacin, azithromycin kapena jakisoni wa ceftriaxone, amene mphwanga ankalandira kudzera m'dripu. Ndipo kusamva mankhwalaku sikugwa kuchokera kumwamba. Kumakula ndi timadilowa ngati kanga kaja, mmene munthu amamwa mapilitsi masiku awiri n'kusungira ena mnzake.

Chinanso chimene chinandiwawa n'chakuti matendawa akagwidwa msanga savuta. Akapatsidwa mankhwala oyenera nthawi yabwino, amene amamwalira safika mmodzi pa anthu 100 alionse, ngakhale kuti thupi limatenga masiku atatu mpaka asanu lisanazizire. Akapanda kulandira chithandizo, mmodzi kapena awiri pa anthu khumi alionse amapita. Vuto ndi kuwagwira kwake. Njira yodalirika ndi kutenga magazi n'kuwasunga mu labotale masiku angapo kuti aone ngati kachilomboka kamera, ndipo si zipatala zonse zimene zingachite zimenezi. Kuyeza kwachangu kotchedwa Widal, kumene zipatala zambiri zolipira zimachita, kumanamiza kawirikawiri: kumatha kupeza taifodi mwa munthu amene alibe, n'kumuphonya amene ali naye. Choncho nthawi zambiri dokotala amadalira nkhani imene mwamuuza. Mukamuuza kuti thupi latentha masiku asanu ndi awiri, malungo sanapezeke, LA sanagwire, mutu ukupweteka, mimba ikuwawa, mwamupatsa zambiri kuposa kungoti "akudwala malungo" ngati mmene ine ndinkayambira nkhani paliponse.

Mphwanga anakhala masiku asanu osalawa kanthu, paipi ya m'mphuno ikutulutsa zamadzi zobiriwira m'kathumba kopachika pambali pa bedi. M'mawa uliwonse anamwino ankafunsa funso limodzi lomwe poyamba linkatichititsa manyazi: "Waphwisa?" Tsiku limene anaphwisa, achemwali anaombera m'manja wodi yonse n'kuseka, chifukwa zimenezi zimatanthauza kuti matumbo adzuka. Bala linachita mafinya chakumunsi, anamasula ulusi uwiri n'kumalitsuka tsiku ndi tsiku. Ankaluma pilo. Namwino wina wachikulire anandiuza kuti tithokoze, chifukwa ena amabwera bowo lisali limodzi, ena amadulidwa chidutswa cha thumbo, ena amatuluka ndi thumba pamimba lolandirira chimbudzi kwa miyezi, ndipo ena satuluka. Kubwebweta kuja nakonso si kwamasewera: taifodi amatha kusokoneza ubongo. Mu 2009 ku Neno, kumalire ndi Mozambique, kunabuka matenda amene anthu ankalephera kuyenda bwino, miyendo kuuma, lilime kulemera, ndipo poyamba ankatchedwa matenda achilendo. Atafufuza anapeza kuti anali taifodi. Ndinaganiza za achemwali ndi mawu awo oti izi si zachipatala. Ku Neno nakonso ayenera kuti analipo ambiri onena chimodzimodzi.

Funso limene linatsala, ndipo linatidya masiku ambiri kukhitchini ya magadiyani, linali lakuti anawatenga kuti. Achemwali anali ndi yankho lokonzeka: tchipisi cha pachiwaya. Mwana wawo kumudzi ankadya zophika kunyumba, ine ndamuphunzitsa kudya za mumsewu. Pali zoona pang'ono. Tchipisi chotuluka m'mafuta owira chilibe vuto, koma kabichi wosaphika amene amawaza pamwamba, wotsukidwa m'madzi a m'chigubu amene atsukira zinthu tsiku lonse, ameneyo ndi nkhani ina. Palinso mafirizesi a pageti ya sukulu, amene palibe amadziwa madzi ake, ndipo kuzizira sikupha kachilomboka. Pali thobwa wosungunulidwa ndi madzi osawiritsa. Koma palinso kwathu komwe. Mwezi umenewo mipopi inauma masiku angapo ndipo tinkatunga pachitsime china chosavindikira chakumunsi kwa mzere wa zimbudzi zokumba, mvula ikukokolola chilichonse kutsetserekera komweko. WaterGuard anali atatha, ndipo makala owiritsira madzi akumwa anthu asanu ndi awiri ndinkawaona ngati ndalama yotaya. Popeza matendawa amatha kubisala mpaka mwezi, palibe angaloze mbale imodzi n'kunena kuti ndi iyi.

Komanso munthu wofalitsa sakhala ndi chizindikiro pamphumi. Mwa anthu 100 amene achira taifodi, awiri mpaka asanu amatsala ndi kachilomboka mu ndulu kwa chaka kapena zaka zambiri, akuyenda, akugwira ntchito, akuphika, osamva kupweteka paliponse. Wodziwika kwambiri ndi Mary Mallon, mayi wophika m'nyumba za anthu olemera ku New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Nyumba imene walowa, anthu ankadwala, iye ali gwa. Anakana mpaka kalekale kuti vuto ndi iye, ndipo anamwalira mu 1938 atasungidwa kwayekha pachilumba zaka zoposa 20. Nditawafotokozera achemwali nkhani imeneyi, anakhala chete, kenako anati, "Ndiye akhoza kukhala aliyense, ngakhale alamu anga?" Akazi anga anali pomwepo akupakula nsima. Tinaseka tonse, koma kuyambira tsiku limenelo beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse, kuyambira wamkulu kutsikira kwa mwana amene amapeza madzi atasanduka phala, linatha kwathu. Timathirirana ndi jagi, sopo ali pambali.

Ana anga awiri aang'ono sanadwale, ngakhale ankamwa madzi omwewo. Sindinganene motsimikiza chifukwa chake, koma onse awiri anabayidwa katemera wa taifodi kusukulu mu Meyi 2023, pamene boma linkapereka kwa ana a miyezi 9 mpaka osafika zaka 15. Katemerayu anayesedwa konkuno kwathu, pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, ndipo anateteza ana pafupifupi 80 pa 100 alionse. Tsopano amaperekedwa kusikelo mwana akakwana miyezi 9. Mphwanga nthawi ya katemerayo anali ndi zaka 16. Anapitirira ndi chaka chimodzi ndi miyezi. Ndimakumbukira kuti tsiku limenelo ankawaseka asuweni ake akubwera atagwira mikono.

Tinatuluka m'chipatala patatha masiku 16. Thalauzi lake la sukulu linkagwa lokha, tinachita kuboola lamba mabowo awiri atsopano ndi msomali. Dokotala anatichenjeza kuti mwa odwala ena, mmodzi pa khumi kapena kucheperapo, kutentha kumabwereranso pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo zikatero tisatsegule kadilowa, tibwere. Anatinso asaphikire anthu kwa kanthawi, zimene mphwanga anazilandira ndi manja awiri. Masabata atatu amenewo ndinkalowa kuchipinda kwake usiku uliwonse n'kumugwira pamphumi ali mtulo. Tsiku lina anatsegula diso limodzi n'kuti, "Amalume, ndili bwino, kagoneni."

Teremu imeneyo inamupita, koma anabwerera kusukulu pambuyo pa Pasaka. Chipsera chake chimayambira pamwamba pa mchombo kutsikira pansi, chokhala ndi timadontho m'mbali ngati njanji. Anzake a mpira amamutcha Zipi. Achemwali anabwerera ku Jali ndi kabotolo kawo kopanda kanthu, ndipo nkhuku ija, imene inakhala ikuyendayenda pabwalo mwezi wathunthu poti panalibe wa mtima woipha, tinadya tsiku limene mphwanga anamaliza mtanda wachiwiri wa nsima n'kuyang'ana m'mbale ngati mwatsala wina.